Gitala izitsata woyimba, osati woyimba kutsata gitala

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero tikambeko za gitala.

Ku Andalusia, kumwera kwa Spain, kuli nyimbo zamakolo zotchedwa flamenco. UNESCO inazilemba m'kaundula wa zikhalidwe mu 2010, ndipo tchopa wathu analowa momwemo mu 2014. Chimene ndimasirira kwa anzathuwo n'chakuti wagitala amadziwa malo ake. Mwini nyimbo ndi woyimba pakamwa. Akakoka mawu, wagitala amadikira. Akapuma, m'pamene amaponyapo kaluso kake. Amamanga kachipangizo kotchedwa cejilla pakhosi pa gitala kuti nsambo zigwirizane ndi mmero wa woyimbayo. Amakwapula nsambo ndi zikhadabo, n'kumagogoda thabwa la gitala ndi chala ngati ng'oma. Ngakhale katswiri Paco de Lucía, kuyambira mu 1969, anajambula zimbale zingapo akungoperekeza mawu a Camarón de la Isla.

Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, komatu lumo limeneli ifenso tinali nalo. Mvetserani malemu Allan Namoko wa ku Thyolo, mumve mmene banjo inkayankhira mawu ake. Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anatisiya mu 1987, ankachuna nsambo m'njira zakezake, chala chachikulu chikugwira besi, chamkombaphala chikuyankha.

Nanga lero? Mnyamata amatenga nyimbo ya agogo ake n'kuipanikiza m'makodi atatu amene anaphunzira kukwaya. Pomwe agogo ankakoka mawu, iye amadula. Pomwe gulu linkavomera, amaikapo kiyibodi. Nyimbo imatuluka yosalala, koma yopanda mchere.

Ena amati gitala isayandikire n'komwe nyimbo zamakolo. Pabwalo la tchopa ndikuvomereza, ng'oma zimakwana. Koma ana athu magitala ali nawo kale, ndipo tikawaletsa adzangoyimba za eni, zathuzi n'kupita kumanda limodzi ndi agogo.

Pempho langa kwa inu osamalira makalabu a nyimbo ndi ili. Mwezi wa Okutobala, pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe kuno kwa Chonde, bwerani ndi ana adzamvetsere akuluakulu. Pobwerera ayambe ayimba pakamwa, akuomba m'manja, gitala ili pakhoma. Nyimbo ikakhazikika, aitenge n'kufunafuna nsambo zoyenera mawuwo. Khutu liyambe, zala zibwere pambuyo.