Achinyamata akhale maso athu m'minda ya tirigu

Alimi anzanga, aliyense wofika ku Old Town mu mzinda wa Lilongwe amaona kuchuluka kwa buledi, masikono ndi mandasi amene amagulitsidwa pa msika ndi pa depoti ya mabasi. Zonsezi ndi ufa wa tirigu, koma pafupifupi tirigu yense amene amadyedwa m'dziko muno amachokera kunja. N'chifukwa chake nkhondo itabuka ku Ukraine mu 2022, mtengo wa buledi unakwera kuno kwathu.

Chikhalirecho tirigu amalola m'madera okwera monga Tsangano m'boma la Ntcheu, Neno ndi Dedza. Mavuto a alimi a kumeneko ndi odziwika: kusowa kwa mbewu yabwino, misika yosadalirika ndi tizilombo. Pa nkhani ya tizilomboyi ndi pamene achinyamata athu angagwire ntchito yooneka.

Mdani wamkulu wa tirigu ndi nsabwe za m'mbewu. Zimayamwa madzi a m'masamba ndi m'ngala, komanso zimafalitsa matenda amene amachititsa tirigu kukhala wachikasu ndi wopinimbira. Mtundu wina wa nsabwezi, umene unalowa ku South Africa mu 1978, umapiringiza tsamba n'kubisala m'kati, moti mankhwala opopera safikamo bwino. Palinso ntchemberezandonda, chiswe, ndi anankafumbwe amene amadikira m'nkhokwe. Tonse tikukumbukira mbozi zachilendo zimene zinasakaza chimanga mpaka boma linalengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 agweredwa tsoka. Phunziro lake linali lakuti kachilombo kakaoneka msanga kamagonja pa mtengo wochepa. Kakaoneka mochedwa, mlimi amataya ndalama ndi zokolola zomwe.

Nanga woyendera minda ndani? Mlangizi mmodzi wa boma amasamalira mabanja oposa chikwi, ndipo sangafike m'munda uliwonse sabata iliyonse. Komatu kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la a Malawi ndi osakwana zaka 18. Manja ndi maso tili nawo ambiri m'midzi mwathu.

Dziko lino layesapo njira zingapo zotukulira achinyamata. A Malawi Young Pioneers ankaphunzitsa ulimi m'makampu awo, koma gululo linasanduka chida choopsezera anthu pa ndale mpaka asilikali analithetsa mu 1993. Mu 2010 kunabwera thumba la ngongole la YEDEF, ndipo ngongole zambiri sizinabwezedwe. Mu 2022 boma linakhazikitsa National Youth Service ku Neno, boma lomwe lija la tirigu. Tikaunika zonsezi tiona kuti ngongole yopanda luso imathera m'mimba, ndipo luso lopanda womulipira mwini wake limathawira m'tauni. Mnyamata wa ku Tsangano amene akugulitsa malonda a m'manja mu msewu wa Malangalanga sanathawe khasu, anathawa kulima kopanda phindu.

Ganizo langa ndi ili. Kalabu iliyonse ya alimi a tirigu isankhe achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, kuti akhale oyendera minda. Aphunzitsidwe m'munda momwemo ndi alangizi pamodzi ndi akatswiri a ku Chitedze ndi ku Bunda. Adziwe kufunyulula tsamba, kuwerenga nsabwe, ndi kusiyanitsa mdani ndi bwenzi, pakuti tizilombo tina, monga tofiira ta madontho akuda tija, timadya nsabwe. Adziwe nthawi yoyenera kupopera ndi nthawi yosiya, kuwerenga chizindikiro cha pa botolo, ndi kukana mankhwala osavomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board. Akaona chachilendo ajambule pa foni n'kutumiza kwa mlangizi tsiku lomwelo.

Ena anena kuti ndalama zowalipirira kulibe. Koma ndalama ya msonkhano umodzi wa mu hotela ku City Centre, ndi maalawansi ake, ingagule njinga, mapampu ndi zovala zodzitetezera za makalabu angapo. Nafenso alimi tisangotambasula manja. Tigwirizane zopatula gawo lochepa la zokolola, kapena ndalama pa thumba lililonse logulitsidwa, kuti woyendera minda adye thukuta lake. Amene tikumulipira tokha adzayankha kwa ife, osati kwa wandale.

Tikupempha akuluakulu a ku Capital Hill, a unduna wa zamalimidwe ndi oona za achinyamata, kuti akhale pa tebulo limodzi, ndipo pa tebulopo pakhale mpando wa mlimi. Inu a makomiti, kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wanu ukubwerawu, mulembe mayina a achinyamata anu, mupite nawo kwa mlangizi tirigu asanabzalidwe. Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mawuwa akukhudza tirigu ndi ana athu omwe.