Womasulira filimu adye chiyani?

Amangwetu, aliyense wodziwa Kauma, Mgona kapena Chinsapo akudziwa kuti mu vidiyo sho Jackie Chan amayankhula Chichewa chapamsika. Pali mnyamata wina wake amene wachezera usiku pa kompyuta kuika mawu ake pamwamba pa filimuyo, n'kuthiramo nthabwala zoti ngakhale mwini filimu sadazilote. Filimu si yake, inde, koma thukuta ndi lake. Tsono ameneyu adye chiyani?

Mkanganowu si wathu wokha. Kunja kuli anthu amene amasintha masewero a pa kompyuta, kuwonjezamo anthu, zida ndi malo atsopano. Ntchitoyi amati modding. Counter-Strike idabadwa chomwechi mu 1999, anyamata awiri atasintha Half-Life, mpaka kampani ya Valve idawalemba ntchito. Koma mu April 2015, Valve ndi Bethesda atalola kuti osintha sewero la Skyrim azigulitsa ntchito yawo, padabuka mpungwepungwe. Pa 100 iliyonse, wosintha ankalandira 25 yokha, yotsalayo ya makampani. Osewera adakalipa, ndipo pasanathe sabata ganizolo lidafa.

Pa kagawidwe ka ndalamako, ine ndikuti osewerawo adalondola. Koma tisanamizane, ambiri chidawawawa n'chakuti chaulere chatha.

Mtima womwewu uli pano. Filimu yomasuliridwa ikangotuluka, okopera nyimbo m'misika ayiika m'ma memory card, nagulitsa, womasulira osaonapo ngakhale tambala. Akadandaula timati, "Iwe, si ndiwe mwana wa konkuno? Ndiponso filimuyo udagula kuti?" Ku COSOMA sangapiteko, poti lamulo la 2016 loteteza ntchito za aluso likufuna chilolezo cha mwini filimu asanaimasulire. Kukadandaula kumeneko n'kudzipereka yekha.

Ena akuti apeze bwana womulipira. Chabwino. Koma bwana akalipira, ndiye azisankha filimu: ndewu zambiri, mawu otukwana owonjezera, poti n'zimene zimadzaza mabenchi. Ndipo pa mabenchipo, tonse tikudziwa, pakhala ana athu othawa kusukulu. Mnyamata uja apeza ya ufa, koma mawu otuluka pa sipika sakhalanso ake.

Ine ndikadakonda eni ma sho a ku Kauma, amene amatolera ndalama pakhomo tsiku ndi tsiku, agwirizane mtengo wa filimu imodzi, azigula kwa womasulira mwiniwake, n'kumusiya asankhe yekha chomasulira.