Nkoloko ya gong'a siikupatsani ulemu

Abale ndi alongo a mumpingo, ndi inu anzanga a pamsika, lero mundipirire, ndili ndi mkwiyo. Anyamata athu pano pa Chongwe ayamba kudya ndalama za chilimba, ena mpaka kutenga kaloba, kuti akwere basi ya mu Great East Road akagule "Rolex" yonyezimira mu tauni. Ati tizioneka apamwamba. Apamwamba otani pomwe katundu patebulo wachepa?

Rolex inayambira ku London mu 1905 m'manja mwa Hans Wilsdorf, pambuyo pake inasamukira ku Geneva. Patek Philippe ndi ya mu 1839, ndipo mu 2019 nkoloko yake imodzi chabe inagulidwa ndi ma franc a ku Switzerland 31 miliyoni. Manje iwe mwana wanga, yako ya mtengo wa nkhuku ziwiri, ukuganiza kuti wanamiza ndani?

Musandimve molakwa, luso lake ndimalilemekeza maningi. M'kati mwa nkoloko yeniyeni mulibe batire. Muli sipuling'i yopindidwa imene imamasuka pang'onopang'ono nkumakankha timagiya. Muli kagudumu kopita uku ndi uku, mu nkoloko zambiri kugunda ka 28,800 pa ola limodzi, ndi timiyala ta rubi toteteza kuti zitsulo zisadyane. Zina zimadzipinda zokha ndi kugwedezeka kwa mkono wanu. Munthu wolumikiza timisomali tochepa ngati njere ya mawere, dzanja osanjenjemera, ameneyo ndimuvulira chipewa. Gong'a yabako dzina lokha, luso lonseli yalisiya.

Ndipo asatinamize kuti akufuna nthawi yolondola. Ku Switzerland nkoloko imapatsidwa satifiketi ngakhale ikutsala masekondi 4 kapena kuthamanga masekondi 6 pa tsiku. Ka Casio ka batire kamaiposa. Seiko itatulutsa nkoloko ya quartz mu 1969, mafakitale ambiri a ku Switzerland anatsekedwa m'zaka zotsatira, ndipo otsalawo anaphunzira kugulitsa dzina ndi ulemerero.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Ku Geneva komweko, m'masiku a John Calvin, malamulo analetsa kuvala zokongoletsa za golide, osula golide nkutembenukira ku nkoloko poti inali chida cha ntchito. Lero alaliki ena akukweza mkono paguwa kuti kamera ione nkoloko, ati ndi umboni wa madalitso. Madalitso amenewo atuluka m'chitenje cha amayi ogulitsa tomato, amene amakhala padzuwa kuyambira m'mamawa. Ana athu akuona, ndiye akuthamangira gong'a.

Mbiri ya luso limeneli tili nayo ndi ife. Madala okonza nkoloko aja, kagalasi padiso, katebulo pakhonde la sitolo mu Lusaka, akutha mmodzimmodzi, ndipo sindiona mnyamata atakhala pambali pawo kuphunzira. Seiko 5 ya atate anu ili gone mu sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo. Itulutseni, kaipatseni mdala aitsuke ndi kuithira mafuta, mumulipire osanenerera mtengo. Mutengenso mwana mmodzi akaone m'mene aitsegulira.

Ndipo inu a golide wakusupuka pamkono, amene mumalowa m'tchalitchi Uthenga Wabwino utawerengedwa kale, Sabata likudzali tidzakufunsani nthawi pakhomo.