Helikopita ya M'bokosi Si Galimoto ya Waya



M'mwezi wa July tidapita kukacheza kwa m'bale wathu ku Biriwiri m'boma la Ntcheu, paja msewu waukulu wa M1 umayenda m'mbali mwa malire a Malawi ndi Mozambique. Tidapeza mnyamata wapakhomopo, wa zaka 12, chala chili chokulunga ndi bandeji. Bambo ake adali atangofika kumene kuchokera ku Joni, ndipo m'katundu wawo mudali bokosi la helikopita yaing'ono youlutsa ndi rimoti, ija imabwera zidutswazidutswa kuti mwiniwake alumikize yekha. Bambo atapita kumsika, mwana adaona kuchedwa. Adamanga mapiko, nalumikiza batire, ndipo powerama kuti aone bwino chigongono chake chidakankha kandodo ka pa rimoti. Phiko lidam'tema mpaka pafupa.

Tati tikambe nkhaniyi chifukwa mabanja ambiri ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota ali ndi abale ku Joni, ndipo mphatso zotere zayamba kufika m'makomo mwathu. Akuluakulu adati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha. Koma mwambiwu umanena za chinthu chongofota. Galimoto ya waya ikaphwasuka mwana amangolira n'kupanga ina. Mapiko a helikopita yotereyi amazungulira maulendo oposa 2,000 pa mphindi imodzi, ndipo pa liwiro limeneli pulasitiki imadula ngati mpeni. Mu September 2013 mnyamata wa zaka 19 adafa ku Brooklyn, mumzinda wa New York, helikopita yake yomwe itam'menya kumutu, chikhalirecho adali katswiri pouluza.

Sitikuti mubise bokosilo kudenga ayi. Luso limeneli lili ndi tsogolo m'dziko muno. Mu June 2017 boma ndi bungwe la UNICEF adatsegula ku Kasungu malo oyeserako tindege topanda munthu tonyamula mankhwala ndi kujambula madera, ndipo mu January 2020 ku Lilongwe kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy, yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Mwana amene wayamba ndi helikopita ya m'bokosi akhoza kudzafika kumeneko. Chofunika n'chakuti adzafike ndi zala zonse khumi ndi maso onse awiri.

Choyamba, ntchitoyi ikhale ya kholo ndi mwana pamodzi. Yalani nsalu yoyera patebulo, ndipo tizomangira ting'onoting'ono muike m'mbale kuti tisasowe komanso kuti makanda asatimeze. Werengani kabuku ka malangizo konse musanagwire sikuludiraiva. Ngati chizungu chake chavuta, funsani mphunzitsi, paja safunsa adadya phula. Tsegulani thumba limodzi pa nthawi imodzi monga mwa manambala ake. Pamene chitsulo chikumangidwa pachitsulo, dontheza kamankhwala koletsa kumasuka ngati kabuku katero, chifukwa kunjenjemera kwa mota kumamasula zomangira. Koma kamankhwalaka kasakhudze pulasitiki, kamaiononga.

Chachiwiri, mapiko akuluakulu amangidwe potsiriza penipeni. Yesani mota, rimoti ndi tizipangizo tonse toyenda mapiko asanaikidwe. Apa ndi pamene mnyamata wa ku Biriwiri adalakwitsa. Onaninso kuti mapiko awiriwo akulemera mofanana, ndipo lililonse long'aluka mulitaye, musalimate ndi guluu. Kaphiko kakumchira musakapeputse: ndi kamene kamaletsa thupi la helikopita kuzungulira motsutsana ndi mapiko akuluakulu, ndipo kakamasuka simungaiwongolenso.

Chachitatu, phunzitsani mwana dongosolo ili mpaka aliloweze pamtima: poyamba, kandodo ka liwiro kakhale pansi, muyatse rimoti, kenaka mulumikize batire. Pomaliza, muchotse batire, kenaka muzimitse rimoti. Batire likakhala lolumikiza, dzanja lisafike pamapiko.

Chachinayi ndi batire lenilenilo. Zambiri mwa helikopita zimenezi zimagwiritsa ntchito batire la mtundu wa LiPo, limene limayaka moto likaboledwa, likaphwanyika kapena likadzazidwa mopitirira. Chigawo chilichonse cha batireli chisapyole mavoti 4.2 podzaza, n'chifukwa chake muyenera kugwiritsa ntchito chaja yake yokha, osati ya foni kapena mawaya a batire la sola. Podzaza, liikeni mumphika wadothi pasimenti, kutali ndi mphasa, neti ya udzudzu ndi denga la udzu, ndowa ya mchenga ili pafupi. Musalidzaze mukupita kukagona kapena mukuchoka pakhomo. Likatupa ngati chitumbuwa, ntchito yake yatha, ndipo musalitaye pamoto wa zinyalala.

Chachisanu, sankhani bwino malo ndi nthawi. Ku Biriwiri mphepo ya m'mapiri ikhoza kuikankhira kutsidya kwa malire, ndipo kuulutsa chinthu pafupi ndi chipata cha boma n'kudziputira mafunso. Kwathu kunyanja mdani ndi mwera wa miyezi yozizira, mchenga wolowa m'magiya, ndi madzi. Pitani pabwalo la mpira m'mamawa kuli bata, kutali ndi mawaya a magetsi, msewu, ziweto ndi bwalo la ndege. Ana oonerera, amene sachedwa kuunjikana, aime kumbuyo kwa woulutsa. Masiku oyamba mangirirani timitengo tiwiri topingasa kunsi kwa miyendo yake kuti isagudubuke, mchira uloze kwa inu, ndipo muikweze kufika m'mawondo basi. Ngati helikopitayo ndi yaikulu kapena ili ndi kamera, funsani kaye akuluakulu oyang'anira maulendo a ndege za malamulo ake.

Tisanachoke ku Biriwiri tidaona bambo ndi mwana atakhala pakhonde, ataphwasula zonse n'kuyambiranso pa tsamba loyamba la kabuku. Adapeza zomangira zitatu zimene mnyamatayo adasiya zosalimba, chimodzi cha kumchira. Mwana ndiye amawerenga manambala, bambo akumanga, popeza chala chidali chisanapole. Mapiko adali m'chikwama cha amayi, ndipo amayiwo adanenetsa kuti adzawatulutsa okha tsiku limene adzakhutire.

Inu amene muli ku Joni, mukamatumiza mphatso yotere tumizaninso mawu: bokosi lisatsegulidwe popanda wamkulu. Tidzakumananso m'kope likudzali.