Woweta nkhono ndiye mwini mazira ake

Liwu loti chiweto limachokera ku mneni woti kuweta, ndipo kulikonse kumene Chichewa kapena Chinyanja chimayankhulidwa, kaya ndi ku Dedza, ku Chipata kapena ku Angónia, likangomveka munthu amaona khola ndi zam'kholamo zikuchuluka. Mbuzi ikaswa mapasa, pakhomo pamakhala chimwemwe. Thadzi likaswa anapiye khumi, palibe amene amadandaula kuti achulukitsa. Ngakhale galu ndi mphaka ali ndi ntchito zawo: wina kulondera ndi kusaka, wina kugwira makoswe. Nyama yosungidwa m'nyumba chifukwa chongosangalala nayo ilibe liwu lakelake, choncho nayonso imangotchedwa chiweto, ndipo pamodzi ndi dzinalo imatengera ganizo loti kuswana ndi phindu.

Pali nyama imodzi imene ganizo limeneli limasanduka msampha: nkhono yaikulu ya pamtunda, imene akatswiri amaitcha Lissachatina fulica, ndipo mabuku ambiri amailembabe kuti Achatina fulica. Kwawo kwenikweni ndi kum'mawa kwa Africa, makamaka ku Kenya ndi ku Tanzania, kumene Aswahili amaitcha konokono. Lero ku Britain imagulitsidwa m'masitolo a ziweto ndipo imasungidwa m'nyumba ndi m'makalasi a ana aang'ono. Mabanja oyankhula Chichewa okhala kumeneko amakumana nayo mwana akabwera kuchokera kusukulu n'kuyamba kuipempha. Makolo ambiri amayamba ndi kuseka, popeza kumudzi nkhono ndi chinthu chopondedwa m'njira mvula ikagwa. Kenako amavomera, poona kuti ndi yotsika mtengo, siuwa, siluma, ndipo sifuna kuyendetsedwa m'mawa. Kuvomera kotereku kulibe cholakwika. Cholakwika ndi kuvomera nkhono popanda kuvomera udindo wa mazira ake, pakuti kuweta nkhono kwenikweni kuli pa mazirawo.

Kudyetsa ndiko gawo lopepuka. Nkhono imadya masamba ndi zipatso zimene zimapezeka m'khitchini iliyonse: mbatata, dzungu, karoti, nkhaka, letesi, nthochi, mango ndi papaya. Imadya mopala, pogwiritsa ntchito lilime lokhala ndi timano masauzande, ndipo usiku kukakhala zii, phokoso la kupalako limamveka. Chakudya chiyenera kutsukidwa bwino, chifukwa mankhwala ophera tizilombo otsalira pa masamba amaipha. Mchere ndi mdani wake wamkulu, popeza umayamwa madzi a m'thupi mwake. N'chifukwa chake ndiwo zotsala kapena chakudya china chilichonse chophikidwa ndi mchere sichiyenera kuifika. Nkhaka ndi letesi zokhazokha sizikwanira, chifukwa n'zamadzimadzi, zopanda chomanga thupi chokwanira.

Chimene sichiyenera kusowa m'bokosi mwake ndi kashiamu, mchere wa m'nthaka umene umamanga mafupa a munthu ndi chigoba cha nkhono. Chigoba si nyumba yobwereka imene nkhono ingatulukemo n'kukapeza ina. Ndi gawo la thupi lake, limakula nayo pamodzi, ndipo lingafike masentimita 20. Oweta ambiri amaika fupa loyera la cuttlefish, lomwe lija amapatsanso mbalame za m'nyumba. Ena amasinja makoko a mazira a nkhuku otsukidwa ndi kuumitsidwa. Nkhono yosowa kashiamu imakhala ndi chigoba chopyapyala, chosweka msanga, ndipo imayamba kupala chigoba chake chomwe kapena cha inzake.

Malo ake ogona nawonso si ovuta. Pamafunika bokosi lagalasi kapena lapulasitiki lokhala ndi chivundikiro cholimba chobowoledwa kuti mpweya uzilowa, pakuti nkhono ili ndi mphamvu zokankha chivundikiro chongoyalidwa. Pansi pamayalidwa dothi lopanda feteleza, lakuya moti nkhono ithe kudzikwirira yonse, ndipo limawazidwa madzi kuti likhale lachinyezi koma osati matope. Kutentha koyenera ndi pakati pa madigiri 20 ndi 25, kutanthauza kuti m'nyumba za ku Britain pamafunika kachipangizo kotenthetsa m'nyengo yozizira. Malo akauma kapena akazizira kwambiri, nkhono imalowa m'chigoba n'kutseka khomo ndi kachikopa kouma, monga mmene zinzake zakutchire zimachitira m'chilimwe podikira mvula. Woweta wosadziwa amaiyesa yakufa n'kuitaya ikadali yamoyo. Ikasamalidwa bwino imakhala zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri, nthawi zina kupitirira apo, kutanthauza kuti mwana woipempha ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri adzakhala atalowa sekondale iyo ikadalipo.

Pali mantha ena oyenera kuikidwa pamalo pake. Chichewa chili ndi liwu limodzi la nkhono ya m'madzi ndi ya pamtunda, ndipo amene anakulira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi kapena m'madambo akamva nkhono amakumbukira likodzo. Likodzo limafalitsidwa ndi tinkhono ta m'madzi. Nkhono ya pamtunda silifalitsa. Ili ndi vuto lakelake: ikadya ndowe za makoswe odwala, ingathe kunyamula nyongolotsi yotchedwa Angiostrongylus cantonensis, imene mwa munthu imayambitsa mtundu wina wa matenda oumitsa khosi. Munthu amaitenga akadya nkhono yosapsa kapena masamba osatsuka amene nkhono yayendapo. Nkhono yobadwira m'bokosi, imene sinakumanepo ndi khoswe, ilibe njira yotengera nyongolotsiyi, komabe kusamba m'manja ndi sopo munthu akaigwira ndi lamulo losafuna kukambirana.

Zonsezi mwana wa sitandade 3 angazikwanitse. Chimene sangachikwanitse yekha chimayamba nkhono ikatha pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Mlimi wosafuna kuti mbuzi zake ziswane amapatula tonde kapena kumufula. Nkhono ilibe tonde, ilibe tambala kapena thadzi: iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe. Ziwiri zilizonse zoikidwa pamodzi zingathe kukwerana, ndipo zonse ziwiri zingathe kuikira. Imodzi imaikira mazira 100 kapena kupitirira pamenepo nthawi imodzi, kangapo pachaka, moti pachaka ingathe kufika mazira 1,200. Mazirawo ndi aang'ono ngati njere za nandolo, imawakwirira m'dothi, ndipo pakangotha milungu iwiri kapena itatu amaswa. Kusunga imodzi yokha sikuthetsa nkhani, chifukwa nkhono imasunga umuna m'thupi kwa miyezi yambiri. Yogulidwa lero ingathe kudzaikira mazira amoyo ili yokhayokha m'bokosi.

Choncho woweta weniweni amafukula dothi mlungu uliwonse, kutola mazira onse, kuwaika m'mbali youndanitsa ya firiji kwa masiku awiri kapena kuwaphwanya, kenako n'kuwataya. Kwa munthu wokulira pa chikhalidwe choti dzira ndi chuma, ntchito imeneyi imawawa mumtima. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Wosafuna kuchita zimenezi mlungu ndi mlungu kwa zaka zisanu asagule nkhono.

Mbiri ya nyamayi ikuchitira umboni. M'chaka cha 1847, William Benson, munthu wokonda kusonkhanitsa zigoba, anatenga nkhonozi ku Mauritius n'kupita nazo ku Calcutta, kumene zinamasulidwa m'munda, ndipo zinakhazikika ku India. M'zaka zotsatira zinafalikira m'maiko ambiri a ku Asia ndi pa zilumba za Pacific, kwina zikunyamulidwa dala ngati chakudya, kwina zikubisala m'katundu. Kwawo zili ndi adani ozichepetsa. Kuchilendo kotentha zimapeza chakudya chambiri ndi adani ochepa. Zimadya mitundu ya zomera yoposa 500, ndipo zikasowa kashiamu zimapala ngakhale pulasitala wa pakhoma. N'chifukwa chake zili pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa kumalo achilendo.

Nkhani yokhudza kwambiri oweta ndi ya ku Florida. M'chaka cha 1966, mnyamata wina anabwera ndi nkhono zitatu ku Miami kuchokera ku Hawaii kuti aziweta. Agogo ake anazimasulira m'munda wa pakhomo. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri zinali zitapitirira 18,000, ndipo boma linatha pafupifupi zaka khumi ndi madola 1 miliyoni kuti lizithe. Mu 2011 zinapezekanso ku Miami, ndipo ulendo umenewu nkhondo inatha mu 2021, atatola nkhono zoposa 168,000 ndi kuwononga madola opitirira 20 miliyoni. Chaka chotsatira, mu 2022, zina zinatulukira m'boma la Pasco. Ku United States kuitanitsa kapena kusunga nkhonozi popanda chilolezo ndi mlandu. Agogo aja sanali munthu woipa. Anachita chimene ambiri amachiyesa chifundo, kumasula nyama kuti ikadzionere yokha.

Ku zilumba za French Polynesia zinthu zinafika poipa kuposa apo. Nkhono ya ku Africa itayamba kuwononga minda, akuluakulu anabweretsa nkhono ina yodya zinzake, Euglandina rosea, imene inafika pa chilumba cha Moorea mu 1977. M'malo molimbana ndi mlendo wamkuluyo, inatembenukira tinkhono ta m'mitengo ta komweko, ta mtundu wa Partula, n'kumaliza mitundu yambiri. Ina imene inapulumuka inapulumukira m'mabokosi a malo osungira nyama monga London Zoo, kumene yakhala ikuswanitsidwa mosamala kuti ibwezeretsedwe kwawo. Apa pakuoneka kuti kuswanitsa nkhono pakokha si tchimo. Kumakhala ntchito yabwino ngati woswanitsayo akudziwa kumene mwana aliyense adzapite.

Mfundo yomweyi ikuyankha amene angatchule za ku Nigeria, Ghana ndi Cameroon, kumene nkhono zazikulu monga Archachatina marginata ndi Achatina achatina zimawetedwa ndi kugulitsidwa pamsika ngati ndiwo. Kumeneko liwu loti chiweto likugwira ntchito ndi tanthauzo lake lonse: mazira ndi phindu chifukwa msika ulipo ndipo mphika ukudikira. Wosunga nkhono ziwiri m'chipinda cha mwana ku Leeds alibe msika wotero. Anzake a mwanayo angalandire zisanu kapena khumi, ndipo aliyense wolandira walandiranso vuto lomwelo. Zotsalazo zimathinana m'bokosi, kulimbirana kashiamu, kukula zopuwala, mpaka tsiku limene wina watopa n'kukazikhuthula kupaki. Ku Britain kumasula nyama yachilendo kutchire n'koletsedwa ndi lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981, ndipo chisanu cha kumeneko chimazipha pang'onopang'ono. Kudziko lofunda sizifa. Zimachita zimene zinachita ku Miami.

Amene amati kuwononga mazira ndi nkhanza ali ndi mtima woyenera kulemekezedwa, koma akuyerekeza zinthu zolakwika. Kusankha sikuli pakati pa imfa ya mazira ndi moyo wabwino wa tiana 200. Kuli pakati pa dzira lochotsedwa lisanakhale kanthu ndi tiana 200 tofa ndi njala, chisanu kapena mankhwala a boma. Woweta amene amafukula dothi mlungu uliwonse amapeza mazira akadali atsopano. Wozengereza ndiye amadzakumana ndi tinkhono toyenda kale, ndipo pamenepo chisankho chilichonse chimakhala chowawa.

Kwa okhala ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, kumene nkhono zazikulu za banja lomweli zimatuluka zokha ndi mvula yoyamba, nkhaniyi ili ndi mbali yopepuka. Mwana akatola nkhono kuseri kwa nyumba, angathe kuisunga masiku angapo m'chidebe chachinyezi, kuipatsa masamba, kusamba m'manja, kenako n'kuibwezera pamalo pomwe anaitola. Pamenepo palibe chawonongeka, chifukwa yabwerera kwawo. Choletsedwa ndi kuinyamula kuwoloka nayo malire, m'chikwama kapena m'dothi la mbewu ya maluwa, ngati mphatso ya mdzukulu wa kunja. Nkhono yakutchire ndiyo ingakhale itakumana ndi makoswe, ndipo nkhono yochoka kwawo ndiyo imasanduka mliri.

Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anaona bwino: masowo ali kunsonga kwa nyanga ziwiri zazitali, ndipo imazitulutsa pokhapokha phokoso ndi kugwedeza zikatha. Mwana wophunzira kudikira mpaka nyangazo zitatuluka waphunzira chinthu chimene galu kapena mphaka sangamuphunzitse, ndipo ichi chokha ndi chifukwa chokwanira choti kholo livomere pempho lake. Koma kudekha kumene nyamayi imafuna kwa wamkulu n'kwa mtundu wina: kugwada pa bokosi Loweruka lililonse, kupapasa dothi ndi zala, kutola mazira onse osasiyako ndi limodzi lomwe, chaka ndi chaka, ngakhale mwana uja atasiya kale kuiyang'ana. Kholo lifunse funso limeneli lisanatulutse ndalama m'sitolo: m'nyumba muno adzafukula dothi ndani? Ngati palibe woyankha, nkhonoyo itsale m'sitolomo.