Nkhata za maluwa sizilipira bilu yakuchipatala

Chaka chilichonse pa 7 August anthu mumzinda wa Nairobi amasonkhana pamphambano ya misewu ya Moi Avenue ndi Haile Selassie Avenue, pamene kale panali ofesi ya kazembe wa America. Pamakhala mapemphero, makandulo, nkhata za maluwa ndi zoyankhula za akuluakulu. Dzuwa likapendeka aliyense amabwerera kwawo, nkhani n'kugona mpaka August wina. Ine mwambo umenewu umandiwawa mumtima, ndipo ndikufuna aphunzitsi anzanga, makamaka inu a History, mumve chifukwa chake.

Tikumbutsane kaye. Lachisanu pa 7 August 1998, cha m'ma 10:30 m'mawa, zigawenga za al-Qaeda zinaphulitsa galimoto yodzaza mabomba kuseri kwa ofesiyo. Anthu 213 anafa, oposa 4,000 anavulala. Mwa akufawo, a ku America anali 12 okha. Nyumba yoyandikana nayo ya Ufundi House, momwe munali koleji yophunzitsa ntchito ya usekilitale, inagweratu. M'nyumba yaitali ya Co-operative Bank, momwe munalinso maofesi a Teachers Service Commission, bungwe lolemba ntchito aphunzitsi ku Kenya, anthu atamva mfuti ndi kabomba koyamba anathamangira kumawindo kukasuzumira. Bomba lalikulu litaphulika magalasi anawalowa m'maso, ndipo ena sanaonenso mpaka lero. Mmawa womwewo ku Dar es Salaam kunafa anthu 11.

Pamalopo anamangapo paki yachikumbutso imene inatsegulidwa mu 2001, yokhala ndi khoma la mayina a akufa. Khomalo sinditsutsana nalo. Mayi amene mwana wake anafera mu Ufundi House ayenera kukhala ndi poti akaime n'kugwira dzina la mwanayo. Chimene ndikutsutsa n'chakuti tsiku limeneli lasanduka nsalu yophimba ngongole.

Taonani mmene ndalama zinayendera. Akenya anakasumira boma la America kumakhoti a komweko, koma mlandu wawo unataidwa, ndipo mu 2003 khoti la apilo ku Washington linagwirizana ndi chigamulocho. Lamulo la America limalola kusumira dziko lothandiza zigawenga ngati wovulalayo ndi nzika ya America, msilikali wake, kapena wogwira ntchito m'boma lake. Ndiye pamene Sudan, dziko limene linasunga Osama bin Laden mpaka 1996, inavomera mu 2020 kulipira madola 335 miliyoni kuti ichotsedwe pamndandanda wa mayiko othandiza uchigawenga, chipepesocho chinapita kwa Amereka ndi kwa omwe ankagwira ntchito ku ofesi ya kazembe. Ngakhale pamenepo, wantchito wachiafirika anamuikira mtengo wotsika kuyerekeza ndi mnzake wa ku America. Nanga mtsikana amene ankaphunzira kutaipa mu Ufundi House? Nanga kalaliki wa aphunzitsi uja, kapena munthu amene anali m'basi pamsewu? Amenewo, omwe ndiwo ambiri, sanawerengedwe n'komwe.

Ena mudzati America sinaphulitse bomba, ndiye ilipirirenji. Mudzatinso inathandiza ndi mankhwala ndi fizi ya ana amasiye zaka zoyambirira. Zoona, inathandizadi. Koma thandizo la pamaliro si chipepeso, ndipo maso a munthu sabwerera chifukwa pulojekiti yatha. Komanso kazembe wa nthawiyo, Mayi Prudence Bushnell, anachenjeza akuluakulu ake mobwerezabwereza, mpaka kulembera nduna Madeleine Albright, kuti nyumbayo inali pamalo oopsa, pafupi kwambiri ndi msewu. Sanamumvere. Bomba litaphulika ndi pomwe ndalama zomangira ofesi yatsopano ku Gigiri zinapezeka. Chigawenga chinkafuna mwininyumba, koma amene anafa ndi aneba.

Boma la Kenya nalo lisabisale kumbuyo kwa America. Anthuwa ndi nzika zake. Panatha zaka 25 kuti nyumba ya Senate, mu 2023, ikhazikitse komiti yapadera yoona za chipepeso chawo, motsogozedwa ndi Senator Agnes Kavindu. Zaka 25! Mwana wobadwa chaka cha bombacho anali atamaliza kale yunivesite. Koma nkhata, ayi ndithu, imeneyo sinaphonyepo chaka.

N'chifukwa chake ndimadabwa tikamaphunzitsa nkhaniyi ngati deti yongoloweza: 1998, Nairobi ndi Dar es Salaam, kenako tithamangire ku 11 September 2001 kumene kuli mafilimu. Ophunzira anga akale, dzifunseni nokha kuti ndi angati mwa inu amadziwa za New York koma za Ufundi House akuzimva koyamba pano.

Mwambowo usathe, koma usinthe. Akatha kutchula akufa, wina aimirire awerenge mayina a amoyo amene sanalandire chipepeso, pamaso pa kazembe ndi nduna, makamera akujambula. Aliyense wobwera ndi nkhata anene zimene ofesi yake yachita kuchokera August wapitawo, ndipo amene alibe chonena akhale pansi, maikolofoni apatsidwe ovulalawo. Atsikana amene anatulutsidwa amoyo m'zigumukire za koleji ija ali ndi zaka 20, pano akuyandikira zaka 50.