Citsulo ca ku Kafue cinaphikidwa mu nyenyezi

Mu 2024 cilala cinacepetsa madzi ku Kariba, ndipo malaiti anayamba kupita maola ambili tsiku lililonse. Ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi ku Estates tinadandaula, ndipo m'pomveka: ometa tsitsi anakhala manja lende, nsomba zinaola m'mafiliji. Koma mdima uja unatibwezela thambo limene mababu anatibisila kwa zaka zambili. Anzanga, ndi angati a ife amene tinayang'ana kumwamba n'kudziwa cimene tikuona?

Ambili timaganiza kuti sayansi ya nyenyezi ni ya azungu kapena ya ana a masukulu odula. Ine ndikukana. Tauni ya mafakitale ngati Kafue ili ndi cifukwa cacikulu coiphunzitsila ana ake, pakuti zimene timadyela kuno zinacokela kumwambako.

Nyenyezi imabadwa pamene mtambo waukulu wa mpweya ndi fumbi waunjikana n'kupanikizana mpaka pakati pake patentha koopsa. Pamenepo haidrojeni imayamba kusanduka hiliyamu, ndipo mphamvu yotulukapo ndiyo kuwala. Dzuwa ni nyenyezi yotele. Lakhalapo zaka pafupifupi 4.6 biliyoni, ndipo latsala ndi zina pafupifupi 5 biliyoni. Haidrojeni ikadzatha pakati pake, lidzafufuma n'kufiila, kenako lidzataya zikopa zake zakunja n'kutsala kanthu kakang'ono koyela, kozilala pang'onopang'ono ngati khala la pa mbaula.

Nyenyezi zolemela kuposa dzuwa ka 8 kapena kupitilila zimadya nkhuni zake mwadyela, conco zimafa msanga, patapita zaka mamiliyoni cabe. M'mimba mwake zimaphika kaboni, oksijeni, silikoni mpaka kufika pa citsulo. Citsulo sicipatsa moto wina, ndiye pakati pamagwa ndipo nyenyezi imaphulika. Kuphulikako ndi kumene amati supernova. Cotsala cimakhala neutron star kapena black hole, koma zophikidwa zija zimamwazika n'kulowa m'mitambo imene imadzabala nyenyezi zina ndi maiko ngati lathu.

Ndiye mukaona thilaki yanyamula zitsulo kucoka ku Kafue Steel, dziwani kuti fakitale imangosungunula ndi kuumba. Citsuloco cinapangidwa ndi nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanabadwe. Cimodzimodzi naitrojeni wa mu feteleza wa ku Nitrogen Chemicals, ndi citsulo cimene cimafiilitsa magazi anu.

Zimenezi mungadzionele nokha popanda makina. Kuyambila December mpaka March, mitambo ikalola, funani nyenyezi zitatu zondondozana zimene makolo anazicha Akamwini Atsatana. Pafupi pake pali kamtambo kowala mozilala, Orion Nebula, kumene nyenyezi zikubadwa lelo lino. Mbali inayo pali Betelgeuse, yofiila, nkhalamba imene tsiku lina idzaphulika. Cikuta ndi manda pa thambo limodzi!

Nyenyezi zimakhala m'magulu akuluakulu ochedwa milalang'amba. Mu 1926 Edwin Hubble anaigawa malinga ndi maonekedwe. Ina ili ndi mikono yozungulila ngati madzi a pa dziwe lozama. Wathu Mlalang'amba, mzele woyela uja umene umadutsa pamutu mu June ndi July, ni wa mtundu umenewu, ndipo uli ndi nyenyezi zoposa 100 biliyoni. Ina ni yobulungila ngati dzila, yodzala nyenyezi zokalamba. Ina ilibe maonekedwe odziwika. Timitambo tiwili toyela timene timaoneka kum'mwela mu October ndi November, Magellanic Clouds, ni milalang'amba yaing'ono yoyandikana nafe. Mu February 1987 nyenyezi inaphulika mu waukuluwo ndipo anthu a kum'mwela kwa dziko anaiona ndi maso. Munthu wa ku London sangaone timitamboti ali kwawo. Ife timationa tili pakhomo.

Wina adzati, “Nyenyezi sizidyeka, ise tifuna nchito.” Njala si nkhani yoseka, ndikuvomela. Koma Zambia ni limodzi mwa maiko 8 a mu Africa amene anagwilizana ndi South Africa pa nchito ya Square Kilometre Array. Kumeneko MeerKAT, ya madishi 64, inatsegulidwa mu 2018. Makina otele amafuna odziwa magetsi, masamu ndi makompyuta, luso lomwelo limene mabanki, migodi ndi makampani a mafoni amalemba. Mu 1964 anthu anaseka Edward Mukuka Nkoloso atanena kuti Zambia ipite kumwezi. Analibe zipangizo, zoona. Ife tili ndi mafoni ndi intaneti, ndiye tidzanamizila ciani?

Pempho langa ni laling'ono. Sukulu iliyonse ya sekondale mu Kafue ikonze usiku umodzi pa temu, mwezi ukakhala mu mdima, ana ndi makolo akumane pa bwalo la mpila. Aphunzitsi a sayansi abwele ndi foni ya pulogalamu yaulele ngati Stellarium. Agogo abwele ndi maina akale, Nthanda ndi Nsangwe, tisanawaiwale. Ife a pa wailesi tidzalengeza tsiku ndi malo. Ndani ayambe, sukulu yanu kapena gulu lanu la acinyamata?